Njerwa Zimene Sanawotche

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi chaka chimene mpingo wathu, kumtunda pang'ono kwa Chintheche, unaganiza zosiya tchalitchi chaudzu n'kumanga chanjerwa. Inali nthawi ya chipani chimodzi, pamene munthu ankayamba wayang'ana kumbuyo asanaseke. Ndinkakhala ndi agogo anga, NyaLongwe, amene anabereka amayi anga. Bambo anga anali a ku Dedza. Anabwera kudzacheka mitengo ya labala ku esiteti, n'kukwatira mwana wa m'mudzi wa Atonga, zimene abale a amayi sanakondwere nazo. Onse awiri anamwalira ndisanayambe sukulu, bambo poyamba, amayi chaka chotsatira. Anandisiyira dzina lakuti Tiyamike ndi chilankhulo cha bambo, poti ndinabadwira m'nyumba za antchito a esiteti ndipo Chichewa ndinkachilankhula ngati mwana wa ku Dedza, ngakhale ku Dedzako ndinali ndisanapondeko.

Sindinali mwana wolankhulalankhula. Ntchito yanga inali kuona: amene wapereka moni ndi dzanja lonse, amene wangokhudza nsonga za zala, amene wadula nkhani pakati wina atatulukira. Agogo nawonso sanali munthu wonyengerera mwana. Anali mayi wamfupi, wouma thupi, wa fodya wapamphuno, amene ankaviika chinangwa, kuchisinja, n'kumagulitsa ufa wa kondowole. Ankakayikira aliyense. Munthu akatipatsa nsomba, agogo ankayamba ainunkhiza, kenako n'kudzifunsa mokweza kuti mwiniwakeyo akufuna chiyani kwa ife.

M'tchalitchi chathu munali magulu awiri, ngakhale palibe ankanena choncho poyera. Kutsogolo kunkakhala mabanja a kunyanja, asodzi ndi alimi a chinangwa, amene makolo awo anabatizidwa kalekale mishoni itangofika. Kumbuyo kunkakhala antchito a ku esiteti, ochokera ku Dedza, ku Ntcheu, ku Mulanje ndi ku Thyolo, zovala zawo zili ndi kafungo ka utomoni wa labala kamene sikankatha ngakhale achape bwanji. Mapemphero ankachitika m'Chitonga, wina n'kumatanthauzira mwachidule m'Chichewa. Koma Chichewa masiku amenewo chinali chilankhulo cha wailesi, cha apolisi ndi cha misonkhano ya chipani, motero a kunyanja ankatsitsa mawu munthu wa ku esiteti akamayandikira. A ku esiteti nawo anali ndi mantha awo. Akuluakulu a chipani m'deralo anali ana a m'midzi ya kunyanja, ndipo mlendo akagwidwa analibe mbale womulankhulira. Ine ndinkakhala kutsogolo ndi agogo, koma tikatuluka panja amayi a ku esiteti ankandigwira pamutu n'kumati, "Mwana wathu wakula."

Lamulungu lotsegulira ntchitoyo analalikira ada Kamanga. Kwathu bambo wamkulu timati ada, mayi wamkulu timati ama. Ada Kamanga anali mkulu wa mpingo, msodzi wamtali wa mawu aakulu, wokonda nthabwala. Anabwera ndi njerwa imodzi yakale n'kuiika patebulo. Anati Malemba akamanena za nyumba ya Mulungu sakamba za udzu kapena malata, amakamba za anthu. Okhulupirira ndiwo miyala yamoyo yosanjikizidwa wina pa mnzake, maziko ake ndi aneneri ndi atumwi, ndipo mwala wa pangodya, umene makoma onse amayezerapo, ndi Ambuye mwini.

"Njerwa iyi ikakhala yokha, ntchito yake ndi kupunthwitsa anthu panjira," anatero akuikweza m'mwamba. "Koma igone pa inzake, ina iigonere, muona mvula ikutsala panja."

Ine ndinazimva mwachibwana. Ndinaona m'maganizo mpingo wonse utasanjikizana mpaka kudenga. Ndinayang'ana ada Mhone, mkulu wina wa mpingo, wonenepa, mwini golosale ya pamsewu, n'kupempha chamumtima kuti asadzakhale pamwamba panga.

Kunyanja nthaka ndi mchenga, sigwirana. Dothi labwino la njerwa linali pachulu chachikulu kuseri kwa manda, ndipo tinkalisenza pamutu m'mabeseni. Panali mwambo wakuti nyumba iliyonse iumbe njerwa zake n'kuziika chizindikiro zikadali zaziwisi, kuti waulesi aoneke yekha popanda womuneneza. A kwa Kamanga ankajambula mbedza ndi kamtengo. A kwa Mhone ankadinda ndi chitsekerero cha botolo. Kwathu kunalibe mwamuna, choncho agogo ankaponda matope ndi kudzaza chikombole, ine n'kumakhutula ndi kudinda zala zanga ziwiri pakona pa njerwa iliyonse. Mizere yathu inali yaifupi poyerekeza ndi ya ena, koma ndinkakonda kuima n'kumaiyang'ana ikuuma padzuwa, zala zanga zili paliponse. Ndinkaganiza kuti ndikadzakula ndidzalowa m'tchalitchimo n'kuloza kuti apa ndi apa ndine.

A ku esiteti ankamasuka Loweruka masana okha, ndiye ankaumba paokha kutsidya kwa kamtsinje, ndi zikombole zobwereka ku esiteti, ndipo anakonza zodzawotcha uvuni wawo komweko. Palibe wa kuno anawoloka kukaona ntchito yawo, palibe wa uko anabwera kudzaona yathu. Pakafunika khasu kapena uthenga ankatuma ine, poti ndinkamva zilankhulo zonse ziwiri.

Loweruka lina anthu ankanong'onezana za achinyamata a chipani amene anatseka njira ya kumsika kuti aliyense aonetse khadi, mpaka mayi woyembekezera kumugulitsa makhadi awiri, lake ndi la mwana wa m'mimba. Ada Kamanga anawongoka m'dzenje, matope ali m'mawondo, n'kunena m'Chitonga:

"Fulumirani, abale, tiziwotche njerwazi asanabwere kudzafunsa iliyonse khadi lake."

Anthu anaseka, kuseka kwenikweni kochokera m'mimba kumene tinali titakuiwala. Kenako kunazima msanga, aliyense n'kuweramira chikombole chake. Posakhalitsa ada Mhone anandituma kutsidya kukabwereka fosholo. Ndinapita, ndinanena za fosholo, ndinabwera nayo. Sindinanene china chilichonse.

Mlungu usanathe, galimoto ya boma inaima pamsewu m'mawa, asodzi akuyanika maukonde. Ada Kamanga anakwera opanda nsapato, mamba a usipa ali m'manja. Palibe analira mokweza, chifukwa kulirako nakonso kukanakanenedwa.

Kuyambira tsiku limenelo mudzi unasanduka maso okhaokha. Nthabwala ija inanenedwa m'Chitonga, pakati pa Atonga. A ku esiteti anali kutsidya, ndipo ambiri a iwo Chitonga sankachimva. Nanga inafika bwanji kuchipani? Anthu sanafune kuganiza kuti wowanenera ndi mbale wawo, amene anasambira naye m'nyanja kuyambira ali ana. Chapafupi chinali kukumbukira kuti mwana wa Mchewa uja anawoloka kamtsinje kuseka kusanazizire. Palibe anandifunsa. Akanandifunsa bwenzi nditayankha. Ndikafika pachitsime nkhani inkasanduka ya mphepo ndi mitengo ya mchere. Tsiku lina tikusewera fulaye, mayi wina anakoka mwana wake padzanja n'kunena, osandiyang'ana, "Choka apo, pali makutu." Amayi a ku esiteti nawo anasiya kundigwira pamutu. Ankaopa kuti tsoka la Atonga lingawoloke kamtsinje kudzera mwa ine.

Inenso ndinayamba kukayikira anthu, ndipo ndinali waluso pa zimenezo. Ada Mhone ananditumiranji nthawi yomweyo, fosholo ina ili chigonere pafupi ndi dzenje? Nanga bwanji golosale yawo sinkasowa shuga pamene masitolo ena anali mbee? Mng'ono wawo wa ada Kamanga, amene anakangana nawo za bwato, bwanji anayamba kupemphera motalika chonchi? Lamulungu ndinkawayang'ana onse akuimba, n'kumafufuza pakhosi pamene pakunjenjemera. Ndinkapeza pambiri.

Tsiku losanja uvuni linafika dzuwa litayamba kuwotcha kwenikweni. Anthu anaima mumzere n'kumapatsirana njerwa m'manja, ndipo ada Mhone ndiwo ankatsogolera tsopano. Mzere unatenga njerwa za nyumba iyi, za nyumba iyo, unafika pa zathu, n'kuzilumpha.

"Ada, zathu mwazisiya," anatero agogo.

"Uvuni wadzaza, ama NyaLongwe. Zanu zidzalowa ulendo wina."

Koma njerwa za nyumba zotsatira zinapitiriza kulowa mpaka dzuwa kupendeka. Mayi wina anatola imodzi yathu mosadziwa. Ataitembenuza n'kuona zala zija, anaibweza pansi msangamsanga n'kupukuta dzanja lake pachitenje. Agogo anaona, inenso ndinaona. Anatsegula kabotolo kawo ka fodya, ananunkhiza, n'kundiuza kuti tizipita.

Ulendo winawo sunabwere. Tinafunditsa njerwa zathu ndi udzu, koma mvula ya kwathu si yoseweretsa. Mphepo inachotsa udzuwo, madzi analowa. Ndinkadutsa pamenepo popita kusukulu. Poyamba timaenje ta zala zanga tinkadzaza madzi, kenako makona anagumuka, kenako mizere inagwerana. Pofika pakati pa dzinja panali mulu wofiira basi, udzu utayamba kumerapo.

Mvula itatha, ntchito yomanga inayamba. Mmisiri anali bambo Likaka, a ku Mulanje, omanga nyumba za esiteti, amenenso ankakhala kumbuyo m'tchalitchi. Atasonkhanitsa njerwa za mauvuni onse awiri pamalo amodzi, cholakwa chinaonekera. Chikombole cha a kunyanja chinali chotengera cha kumishoni chakale, chachikulu. Cha ku esiteti chinali chaching'ono. Bambo Likaka anaimika ziwirizo pamodzi n'kuika dzanja pamwamba pa yaing'onoyo: inkaperewera zala ziwiri. Miyezi yonse ija palibe anawoloka kamtsinje kukayerekeza.

Akuluakulu a kunyanja anati palibe vuto, ife timange kutsogolo ndi m'mbali ndi njerwa zathu, iwo amange khoma lakumbuyo ndi zawo. Bambo Likaka anakana. Anati pangodya njerwa ziyenera kulumana, apo ayi makomawo adzasiyana mvula yoyamba yomwe. Njira inali imodzi, kuzisakaniza, yaing'ono n'kumaikweza ndi matope ochindikala kuti ifanane ndi inzake. Koma zimenezo zinkafuna dothi lambiri logwira, ndipo chulu chija tinali titachikumba mpaka pansi. Anayesa dothi la pafupi, linkayoyoka likauma. Khoma linafika m'chiuno n'kuima pomwepo.

Zonsezi ndikanazipirira. Chimene chinkandidya chinali m'nyumba mwathu. Agogo anayamba kundiyang'ana mmene ankayang'anira nsomba yopatsidwa. Ndikachokera kusukulu ankafunsa kuti ndayenda ndi yani, ndaima pati. Anasiya kudandaula za mitengo ya zinthu ine ndili pafupi. Kunja ankanditeteza ndi nkhope youma, koma m'nyumba ankayeza mawu awo ngati pali mlendo.

Tsiku lina masana, nyengo ya mphepo yozizira ya mwera itayamba, tinali pakhonde tikuyanika ufa. Nkhuku inakwera pamphasa n'kuchita chitosi m'mphepete. Agogo sanaithamangitse. Analowa m'nyumba, anatsegula chitini chimene ankasungamo zinthu zofunika, n'kutuluka ndi khadi lawo la chipani. Anagwada, n'kuyamba kukokolola chitosicho ndi khadilo, pang'onopang'ono, mbali iyi ndi mbali iyo. Atatha anandiyang'ana kamodzi, n'kuliponya pansi pafupi ndi chitseko. Panalibe munthu wina, ngakhale mwana wodutsa. Anthu ankatengedwa chifukwa cha zochepa kuposa pamenepo.

M'mawa mwake anandisenzetsa ufa kuti ndikagulitse ku esiteti, ndekha, zimene anali asanachitepo. Anawonjezera kuti pobwera ndidzere pamsewu, pamene panali nyumba ya mbendera ya chipani. Nditabwerako ndinapeza kuseri kwa chitseko kuli mtolo womangidwa m'chitenje. Ndinausuzumira. Munali bulangeti lathu, limene tinkafunda tonse awiri, diresi lakale, kachidutswa ka sopo ndi fodya wokulunga m'pepala. Ndinakhala pansi nthawi yaitali ndisanamvetse. Agogo anali atadzitchera okha ngati nyambo. Ankafuna kudziwa ngati mwana wa mwana wawo ndi amene amagulitsa anthu, ndipo anali okonzeka kukwera galimoto ija kuti adziwe.

Sindinalire pamaso pawo. Masiku amenewo tinkafunda zitenje, mwera ukulowa m'ming'alu ya chitseko. M'mawa uliwonse agogo ankavala duku lawo la kutchalitchi n'kukhala choyang'ana kumsewu, akusenda chinangwa. Galimoto ikamveka patali mpeni unkaima, ikadutsa unkayambanso. Anandituma ku esiteti kachiwiri, kachitatu. Ndinkapita, ndinkadzera pa mbendera paja monga ananenera, ndinkabwera n'kuwapeza ali pomwepo, maso ali kumsewu.

Linafika tsiku limene ndinatopa. Tinali titangomaliza kudya, iwo akuyang'anabe kumsewu.

"Agogo, sabwera."

"Ndani?"

"Amene mukuwadikirawo. Masulani bulangeti, ine ndikumva kuzizira."

Anachotsa maso kumsewu. "Unaona zimene ndinachita?"

"Ndinaona."

"Nanga khadi lija lili kuti? Ndalifuna pakhomo ponse."

"Ndinalipukuta ndi masamba tsiku lomwelo. Lili m'chitini, pansi pa nsalu. Mukanapita nalo bwanji kumsika lili lonunkha?"

Anatsegula kabotolo, ananunkhiza fodya wambiri kuposa masiku onse, anayetsemula, n'kupukuta maso ndi nsonga ya duku.

"Fodya wa masiku ano ndi woipa," anatero. Sanapepese, ndipo sanadzapepese mpaka imfa yawo. Anadzuka, anamasula mtolo uja, anakung'untha bulangeti n'kuliyanika pachingwe. Akadali chondifulatira anati, "Mawa ulawire kudzuka. Tili ndi dothi lathu kutchalitchi."

Linali Loweruka, ndipo magulu onse awiri analipo, aliyense mbali yake ya khoma loima m'chiuno lija. Agogo anapita molunjika pamulu wathu n'kuyamba kupala udzu ndi khasu. Pansi pake panali dothi lofiira losalala, lopondedwa kale, lopanda mwala ngakhale umodzi. Tinadzaza mabeseni, tinasenza, tinadutsa pakati pa anthu mpaka padzenje la matope. Bambo Likaka anatapa pang'ono, anathira malovu, n'kufinya m'dzanja.

"Gogo, ili ndiye dothi! Mwalipeza kuti?"

Agogo Chichewa ankachimva koma sankafuna kuchilankhula, choncho anandigwedeza ndi chigongono. "Ndi njerwa zathu zimene sanawotche," ndinatero.

Ada Mhone anafika akupuma mwamphamvu. "Ama NyaLongwe, dothi ilo ayi."

"Chifukwa?"

"Anthu sakondwa nalo."

"Anthu ake ati? Atchuleni mayina, ada, ine makutu anayamba kugontha."

Bambo Likaka anandifunsa kuti akuti chiyani akuluwa. Ndinayang'ana agogo, iwo anagwedeza mutu, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinatanthauzira mpingo wonse ukumva, liwu ndi liwu, osawonjezera, osachotsa. Bambo Likaka anaseka, dothi lili m'dzanja.

"Aa, bambo Mhone! Kodi dothi nalonso limapita kukanenera anthu kuchipani?"

Ananena m'Chichewa, chimene aliyense pamenepo anachimva. Makasu anaima. Wina anayang'ana kumsewu. Mawu amene mudzi wonse unakhala ukuwameza kwa miyezi anali atagwera poyera, ndipo bambo Likaka atazindikira chimene anena, nkhope yawo inachita phulusa. Kenako maso onse, a kunyanja ndi a ku esiteti omwe, anatembenukira kwa ine.

Agogo anatula beseni lawo n'kulikhuthulira m'dzenje, pamwamba pa matope amene analimo kale. Anatenga langa n'kuchita chimodzimodzi. Anathira ndowa ya madzi, anakwinya chitenje chawo, n'kulowamo.

"Tiyamike, lowa."

Ndinalowa. Matope anali ozizira, ankatuluka pakati pa zala za kumapazi. Tinaponda, tinaponda, anthu akutiyang'ana, mpaka dothi lofiira ndi lotuwa zinakhala chinthu chimodzi. Bambo Likaka anatapa matopewo n'kuwayala pangodya. Anagoneka njerwa yaikulu ya chizindikiro cha mbedza, pambali pake yaing'ono ya ku esiteti, ataikweza ndi matope ochindikala mpaka zonse zinafika pachingwe. Agogo anaima m'dzenjemo, manja ali m'chiuno, n'kunena m'Chitonga mokweza kuti ndi oima patali omwe amve:

"Atichotsemo tsopano, tione."

Palibe anayesa. Mtsikana wina wa ku esiteti anatola beseni n'kupita kumulu kuja, kenako wina wa kunyanja, mwina chifukwa chotopa ndi khoma losatha osati chifukwa chotikonda. Mulu wathu unatha m'masabata ochepa, koma unafikitsa makoma onse pamwamba pa mazenera. Dothi lomalizira linachokera kuchulu china cha m'malire a esiteti, chimene bambo Likaka anakapempha kwa akapitawo.

Mudzi wonse unadikira kuti galimoto ibwere kudzatenga bambo Likaka. Sinabwere. Ena anati, ndiye kuti mwana uja si iye. Ena anati, angamunenere bwanji, si wa ku esiteti ngati bambo ake? Kukayikira sikunathe, kunangotopa. Pachitsime anayambanso kukamba za maukwati ndi matenda ine ndilipo, koma za chipani ayi, ndipo ine sindinawadandaule, chifukwa nanenso sindikanakamba pamaso pawo.

Ada Kamanga anabwerera denga litafoleredwa kale, tchalitchi titayamba kupemphereramo. Anali ataonda, mano akutsogolo palibe, mawu aakulu aja atasanduka onong'ona. Lamulungu loyamba anaima pakhomo, anthu n'kumadutsa kuwapatsa moni. Ine ndinaima poti ndione bwino. Ndinkadziwa kuti kumene anali mwina anawauza amene anawanenera, ndipo ndinkadikira dzanja limene adzalilumphe kapena kulisiya msanga. Sanalumphe lililonse. La ada Mhone analigwira monga anagwirira la mng'ono wawo, monga anagwirira langa. Kenako anazungulira tchalitchi pang'onopang'ono, akusisita khoma, akuima pamene njerwa yaikulu yakumana ndi yaing'ono. Anyamata a kubanja kwawo ankawatsatira, ndipo mmodzi analephera kupirira.

"Ada, anakuuzani kuti ndani?"

Ada Kamanga sanachotse dzanja pakhoma. "Njerwa zake zili momwemu," anatero. "Mukufuna tigumule pati?"

Sananenenso china pa nkhaniyo, ndipo sindinawamvenso akuchita nthabwala mpaka anamwalira.

Tsopano ndine wamkulu kuposa mmene agogo analiri nthawi imeneyo. Ndakhala m'matauni, ndapemphera m'matchalitchi a njerwa zofanana ngati zotuluka m'makina, ndipo ndamva alaliki ambiri akukamba za miyala yamoyo ndi za kachisi womangidwa ndi anthu. Ambiri amazikamba ngati miyalayo inasemedwa bwino, yosalala, yokondana. Ine sindiiona choncho. Ndimaona njerwa za zikombole ziwiri, zoumbidwa ndi anthu amene ankaopana moti sakanawoloka kamtsinje, ndipo pakati pake pali za munthu amene anagulitsa mbale wake. Sitinayambe takhulupirirana kenako n'kumanga. Tinamangidwa tikukayikirana, wina atagona pa mnzake amene sakanamuuza chinsinsi, ndipo mvula inatsaladi panja. Mpaka lero sindidziwa amene ananenera ada Kamanga. Ndimakayikirabe ada Mhone, ngakhale anagona kalekale kumanda kuja, pafupi ndi pamene panali chulu, ndipo ndikudziwa kuti mwina ndikuwachita zomwe anthu anandichita ine.

Tchalitchicho chilipobe. Kunja anachipaka simenti, koma m'kachipinda ka akulu a mpingo khoma likadali losapaka. Ndikapita kwathu ndimapempha kiyi n'kulowamo. Mbedza za a Kamanga zimaoneka, zitsekerero za a Mhone zimaoneka. Chizindikiro cha nyumba yathu palibe pa njerwa ngakhale imodzi, ndipo ndili mwana chimenecho chinkandiliza. Koma pansi pa njerwa iliyonse yaing'ono pali mzere wochindikala wa dothi lofiira, louma gwa. Ndimaikapo zala zanga ziwiri, ndipo zimakwana.